Lolemba ku Ntchito, Loweruka ku Bwalo la Liwiro: Kodi Galimoto ya Otomatiki Ingazithe Zonse?

Ku Britain, ku Germany, ku America ndi ku South Africa kuli anthu amene galimoto yawo imagwira ntchito ziwiri. Pakati pa sabata imawanyamula kupita ku ofesi, kumakwawa pamzere wa galimoto wosaoneka polekezera. Likafika Loweruka, mwini wake amadzaza thanki, kutenga chisoti, n'kulunjika ku Silverstone, ku Nürburgring kapena ku Zwartkops kukaiyendetsa pa liwiro limene pamsewu wa boma lingamugonetse m'chitokosi. Kale anthu oterewa ankalumbira kuti galimoto ya ntchito imeneyi ndi ya manyuwo basi. Lero ambiri mwa iwo akubwera ndi galimoto zopanda pedulo ya klatchi. Munthu amene thumba lake likukwana galimoto imodzi yokha, koma mtima ukufuna zonse ziwiri, amakhala ndi mafunso ngati awa.

Kodi track day n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi mpikisano?

Track day ndi tsiku limene bwalo la mpikisano wa galimoto limatsegulidwa kwa anthu wamba. Munthu amalipira, kusonyeza laisensi, kumvera malangizo a m'mawa, kuvala chisoti, kenako kulowa m'bwalomo ndi galimoto yake yomwe. Palibe chikho, palibe woyamba kapena womaliza. Ku Britain okonza masiku amenewa amaletsa ngakhale kuwerengerana nthawi, ndipo kupitirira mnzako kumaloledwa pamalo owongoka okha, iye akakupatsa mpata. Nthawi zambiri madalaivala amagawidwa m'magulu potengera luso lawo, gulu lililonse n'kumalowa kwa mphindi 15 kapena 20.

Mabwalo amasiyana kwambiri. Brands Hatch, kufupi ndi London, ili ndi njira yaifupi ya makilomita 1.9, pamene Silverstone ndi ya makilomita pafupifupi 5.9. Ku Gauteng, Zwartkops ndi ya makilomita 2.4, ndipo Kyalami, imene inalandira mpikisano wa Formula One komaliza mu 1993, ndi ya makilomita 4.5. Nordschleife ya ku Nürburgring, yotsegulidwa mu 1927, ili payokha: makilomita 20.8 okwera ndi kutsika m'nkhalango za Eifel.

Kodi otomatiki si ya anthu oopa magiya?

Maganizo amenewa anali ndi pogwira zaka 30 zapitazo. Otomatiki ya nthawi imeneyo inali ndi magiya 3 kapena 4, inkachedwa kusintha, inkadya mphamvu ya injini, ndipo inkatha kusintha giya pakati pa kona dalaivala asakuyembekezera.

Koma amene anayamba kutaya ndodo ya magiya ndi akatswiri a mpikisano eni ake. Mu 1989 kampani ya Ferrari inabweretsa mu Formula One galimoto yotchedwa 640, yokonzedwa ndi John Barnard, imene magiya ake ankasinthidwa ndi tizitsulo tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero. Nigel Mansell anapambana nayo ku Brazil pa mpikisano woyamba wa galimotoyo. Pasanathe zaka 10, ndodo ya magiya inali itasowa mu Formula One yonse. Nayo Porsche inali itayamba kale kuyesa giyabokosi ya maklatchi awiri, yotchedwa PDK, pa galimoto zake za mpikisano za 956 ndi 962 m'zaka za m'ma 1980, ndipo inaifikitsa pa 911 ya pamsewu mu 2008.

Zotsatira zake zikuonekera m'mashopu a galimoto. Nissan GT-R ya 2007 inabwera yopanda manyuwo. Chevrolet Corvette C8 ya 2020 nayo ndi ya maklatchi awiri basi. Toyota GR Supra inayamba mu 2019 ndi otomatiki yokha, manyuwo n'kubwera mu 2022. Porsche inatulutsa 911 GT3 ya 2013 ndi PDK yokha. Okonda manyuwo atadandaula kwambiri inawabwezera mu 2017, koma GT3 RS, imene inapangidwira bwalo kwenikweni, yakhalabe ya PDK. Amene amasankha manyuwo lero amatero chifukwa chokonda kugwira ntchito ndi dzanja ndi phazi, ndipo chimenecho ndi chifukwa chomveka. Pa nkhani ya kuthamanga, otomatiki yamakono inapambana kalekale.

Kodi otomatiki zonse n'zofanana?

Ayi, ndipo apa m'pamene wogula ayenera kutsegula maso. Pali mitundu itatu ikuluikulu.

Woyamba ndi wa torque converter, umene umadutsitsa mphamvu ya injini kudzera mu oyilo. Galimoto ikanyamuka, kaklatchi ka m'kati kamamanga injini ndi magiya kuti mphamvu isatayike. Wotchuka pa mtundu umenewu ndi ZF 8HP wa magiya 8, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2009 ndipo ali mu GR Supra, mu Jaguar F-Type ndi mu BMW zambiri. BMW inafika pochotsa giyabokosi ya maklatchi awiri mu M3 ndi M4 zatsopano n'kuikamo imeneyi.

Wachiwiri ndi wa maklatchi awiri, umene Volkswagen imautcha DSG ndipo inauyamba pa Golf R32 mu 2003. Klatchi imodzi imasamala giya 1, 3 ndi 5, inayo 2, 4 ndi 6. Zimagwira ntchito ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamakwera, wina uli kale panjira yotsika, ndipo chimanga sichipuma. Galimoto ikakhala mu giya 3, giya 4 imakhala italowa kale, ikungodikira klatchi yake. Kaphokoso kamene Golf GTI imatulutsa posintha giya n'kamene kanaipatsa dzina loti vrr-pha m'misewu ya ku South Africa.

Wachitatu ndi CVT, umene ulibe magiya enieni koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Ndi umene uli m'galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Lusaka, monga Honda Fit ndi Nissan Note. Umasunga petulo bwino, koma umatentha msanga ukakakamizidwa kwa nthawi yaitali. Wofuna kupita ku bwalo kawirikawiri asankhe pakati pa iwiri yoyambayo.

Nanga pa ulendo wa tsiku ndi tsiku, ndi iti imene imapepukitsa moyo?

Aliyense amene anakhalapo mumsewu wa N1 pakati pa Pretoria ndi Johannesburg m'mawa, kapena mu M25 wozungulira London madzulo, akudziwa mmene mwendo wamanzere umawawira ndi klatchi. Apa otomatiki iliyonse ndi mpumulo.

Komabe pali kusiyana. Torque converter imakwawa mofewa, chifukwa oyilo ndi amene amalandira kugwedezeka konse. Giyabokosi ya maklatchi awiri siikonda kukwawa: dalaivala akamaisiya kuti izisendera pang'onopang'ono phazi lili pa buleki, klatchi imakhala ikupukusika, makamaka pa mtundu wa maklatchi ouma, osasambira mu oyilo. Njira yake ndi kuima kwathunthu, kudikira kuti mpata utseguke, kenako kuyenda. Pamtunda, galimoto aigwire ndi buleki, osati ndi moto.

Mavuto ena a tsiku ndi tsiku sachokera ku magiya. Galimoto za liwiro zimakhala zotsika, choncho mahampu ndi zipata zotsetsereka zimakhula bampala. Matayala ake ndi opyapyala m'mbali, ndipo dzenje limodzi likhoza kupinda limu. Buti ndi yaing'ono, mipando yakumbuyo, ngati ilipo, ndi ya ana. Wogula ayambe wayesa galimotoyo pa msewu umene amadutsa tsiku lililonse.

Pa bwalo, n'chiyani chimayamba kugonja?

Mabuleki. Si injini, si giyabokosi.

Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza imawirikiza kanayi. Kuimitsa galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola ndi ntchito yowirikiza kanayi poyerekeza ndi yothamanga 100, ndipo mphamvu yonseyo imasanduka kutentha. Pamsewu dalaivala amaponda buleki mwamphamvu mwa apo ndi apo. Pa bwalo amatero kangapo pa mphindi ziwiri zilizonse, kwa mphindi 20, mabuleki osapeza nthawi yozizira. Otomatiki imalemerako pang'ono kuposa manyuwo, ndipo ikasiyidwa mu D siithandiza kwambiri kuchepetsa liwiro ndi injini, choncho mabuleki ake amasenza katundu wochulukirapo.

Kugonjako kuli mitundu iwiri, ndipo phazi limaisiyanitsa. Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto osaima, ndiye kuti mapadi apsa. Pedulo ikafewa n'kumalowa mpaka pansi, ndiye kuti buleki fuluwidi wawira. Chachiwirichi n'choopsa kwambiri. Fuluwidi wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo wachinyeziyo muyezo wake umatsika kufika 155. Wa DOT 3 amayambira pa 205 n'kutsikira pa 140. Fuluwidi wopangidwira mpikisano amapirira kupitirira 300. Galimoto imene yatha zaka zitatu osasintha fuluwidi ikhoza kuyenda bwinobwino mumzinda, n'kukasowa mabuleki pa kona yachisanu.

Choncho ndalama yoyamba ipite ku fuluwidi watsopano wopirira kutentha ndi mapadi amene akadali okhuthala. Mapadi apakatikati, opangidwira msewu ndi bwalo, ndi amene amayenera galimoto ya ntchito ziwiri. Mapadi a mpikisano enieni amalira, amadetsa malimu ndi fumbi, amadya madisiki, ndipo ena sagwira bwino m'mawa kukuzizira, nthawi imene mwana wa sukulu akhoza kudumphira mumsewu.

Nanga giyabokosi siitentha?

Imatentha, ndipo apa m'pamene otomatiki imasiyana kwenikweni ndi manyuwo. Oyilo wa otomatiki sangofewetsa zitsulo: ndi iye amene amakankha maklatchi, kunyamula mphamvu ndi kuchotsa kutentha. Akatentha mopitirira, kompyuta ya galimoto imadziteteza. Imayatsa chenjezo pa dashibodi, kuchedwetsa magiya, kukana kutsitsa giya, mwinanso kudula mphamvu ya injini. Dalaivala wanzeru samalimbana nayo. Amachepetsa liwiro, kuzungulira kamodzi mofatsa kuti mphepo idutse, n'kutuluka.

Galimoto zopangidwa ndi bwalo m'maganizo, monga Porsche Cayman kapena BMW M2, zimabwera ndi zoziziritsira zokwanira. Zina zimafuna kuonjezera kaladiyeta ka oyilo wa giyabokosi, makamaka kumalo otentha. Ku Gauteng kuli vuto linanso: Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, ndipo umachotsa kutentha pang'ono poyerekeza ndi wa ku Killarney ku Cape Town. Galimoto yomweyo ikhoza kupirira bwino kugombe n'kuyatsa chenjezo ku Kyalami mu January.

Oyilo wotenthedwa amakalamba msanga. Volkswagen imalamula kusintha oyilo wa DSG ya magiya 6 pa makilomita 60,000 aliwonse, ndipo amenewo ndi a pamsewu. Makampani ena amati oyilo wa otomatiki safuna kusinthidwa, koma ZF, imene imapanga magiyabokosi enieniwo, imalangiza kumusintha, makamaka galimoto ikamagwira ntchito yolemetsa. Wopita ku bwalo asinthe msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo makaniko athire mtundu weniweni wolembedwa m'bukumo.

Kodi matayala a pamsewu akwanira?

Kwa woyamba kumene, inde, bola akhale abwino ndi osakalamba. Tayala wa pamsewu amalira akayandikira malire ake, ndipo kulirako kumaphunzitsa dalaivala. Akatentha mopitirira amayamba kuterera, chizindikiro choti nthawi yopuma yakwana.

Mpweya umakwera tayala akatentha, nthawi zina ndi theka la bar. Madalaivala amayeza atangotuluka m'bwalo, n'kuphwetsako kuti ubwerere pa muyezo. Chimene ambiri amaiwala ndi kupopanso madzulo, matayala atazizira, asanalowe mumsewu wa kunyumba.

Matayala a mizere yochepa, amene amamatirira pa tala wouma, amakopa aliyense. Koma pa mvula, madzi akadikha mumsewu, amayandama, ndipo amatha msanga. Amachititsanso kuti mabuleki ndi oyilo zigwire ntchito yoposa. Amene wafika pozolowera amagula malimu ena anayi, kuvekapo matayala a bwalo, n'kumasintha tsikulo likayandikira. Tayala wa ku ntchito amakhala wa ku ntchito.

Pa bwalo, aisiye mu D kapena azisintha yekha?

Pa tsiku loyamba pali zambiri zoti maso aone: mbendera, magalasi, poyambira buleki, polowera kona. Kuika galimoto mu Sport n'kuisiya izisankha yokha magiya kumamasula mutu kuti uphunzire zimenezi. Manja onse awiri amakhala pa chiwongolero, ndipo palibe mantha olowetsa giya yolakwika, cholakwa chimene pa manyuwo chikhoza kuphulitsa injini. Otomatiki imakana giya imene ingapititse injini pamwamba pa malire.

Akazolowera, dalaivala ayambe kugwiritsa ntchito tizitsulo ta kuseri kwa chiwongolero. Amatsitsa magiya akuponda buleki galimoto ikadali yowongoka, kugwira giya imodzi mpaka kona itatha, kenako kukweza. Izi zimaletsa giyabokosi kusakasaka magiya, ndipo kusintha kukachepa, kutentha kumachepanso. Pa PDK ndi pa ZF zatsopano kompyuta imasankha bwino kwambiri moti madalaivala ena aluso amaisiya. Pa otomatiki ya magiya 6 ya Toyota 86 kapena Mazda MX-5, dzanja la munthu limathandiza koposa.

Chipangizo choletsa galimoto kuterera chikhale choyaka. Woyamba amene amachizimitsa poganiza kuti chikumuchedwetsa nthawi zambiri amakathera mu mchenga wa m'mbali. Chofunika kuzimitsa ndi chija chimaponda buleki chokha chikaona galimoto kutsogolo, chifukwa pa bwalo galimoto zimayandikana ndipo chikhoza kudzidzimutsa wa kumbuyo. Launch control, yonyamukira mwaliwiro, ilibe ntchito pa track day, imangotentha maklatchi.

Inshulansi imalipira ngozi ya pa bwalo?

Kawirikawiri ayi. Inshulansi wamba imalemba poyera kuti siikhudza mabwalo a mpikisano, ndipo makampani ambiri a ku Britain amatchula Nürburgring ndi dzina. Pa track day lamulo ndi lakuti aliyense amalipira galimoto yake, ngakhale wolakwa akhale wina. Ku Nordschleife, wogunda chitsulo cha m'mbali amalipiranso chitsulocho ndi galimoto yodzamukoka.

Kwa munthu wa galimoto imodzi, funso ili ndi lalikulu kuposa onse. Iye akaphwanya Loweruka, Lolemba alibe chokwera, ndipo ngati galimotoyo ndi ya ngongole, banki ipitiriza kudula mwezi ndi mwezi. Inshulansi ya tsiku limodzi ya pa bwalo imagulitsidwa payokha. Ndi yodula, koma ndi gawo la mtengo wa tsikulo. Waranti nayo iwerengedwe bwino, chifukwa makampani amasiyana, ndipo galimoto zamakono zimasunga mu kompyuta mbiri ya mmene zayendetsedwera. Yankho la kampani lifunsidwe molemba, tsikulo lisanafike.

Pa bajeti aonjezeponso petulo, amene pa bwalo amatha mowirikiza kawiri kapena katatu, komanso matayala, mapadi ndi oyilo wa injini wosinthidwa pafupipafupi.

Kodi galimoto isinthidwe mpaka pati?

Pang'ono. Chilichonse chimene chimaithandiza pa bwalo chimalipiridwa pamsewu. Mashoko olimba amaigoneka bwino pa kona, koma msana umamva dzenje lililonse. Kupendeketsa matayala akutsogolo kumateteza m'mphepete mwake pa bwalo, koma kukapitirira kumadya m'kati pa ulendo wa ku ntchito. Ekizozi yaphokoso imatopetsa pa ulendo wautali, ndipo ku Britain ikhoza kumubweza munthu pachipata, popeza mabwalo amayeza phokoso ndipo ambiri malire awo sapitirira madesibelo 105. Kuonjezera mphamvu ya injini ndi kompyuta kumaonjezera kutentha pa giyabokosi imene ili kale pa malire, ndiponso kumaika waranti pachiswe.

Ndondomeko yanzeru ndi iyi: fuluwidi, mapadi, matayala, zoziziritsira ngati chenjezo layamba kuyaka, kenako mlangizi. Mabwalo ambiri ali ndi alangizi okwera nawo m'galimoto, ndipo mphindi 20 ndi mmodzi wa iwo zimachepetsa nthawi kuposa zitsulo zambiri zogula.

Tsikulo likafika, aisamale bwanji kuti ibwerere kunyumba?

Achotse zonse zoyendayenda m'galimoto, kuphatikizapo kapeti ya kumapazi ndi mabotolo amene angalowe pansi pa pedulo. Amange chitsulo chokokera kutsogolo, ayeze oyilo ndi madzi, aone manati a matayala. Kuzungulira koyamba kukhale kotenthetsa, komaliza kukhale koziziritsa, osaponda buleki kwambiri. Mphindi 15 za liwiro n'zokwanira galimoto ya pamsewu, ngakhale bwalo litalola zoposa.

Akaima, asakoke handibuleki, chifukwa mapadi otentha amamatirira pa disiki n'kusiya zipsera zimene pambuyo pake zimanjenjemeretsa pedulo. Apa otomatiki ili ndi mwayi: kuika mu P pamalo osatsetsereka kumaigwira popanda mabuleki. Galimoto zina zimamanga handibuleki yamagetsi zokha injini ikazima, choncho mwini wake adziwiretu mozimitsira zimenezo. Injini aisiye ikulira kwa mphindi zingapo, boneti yotsegula.

Masana dzuwa likapendeka, dalaivala amakhala atatopa koma akudzimva kuti wadziwa. Ulendo womaliza wa tsikulo ndi wabwino kuusiya.

Ndiye galimoto imodzi ingazithe zonse?

Ingazithe. Toyota GR86, Mazda MX-5, Golf GTI, GR Supra, BMW M2 ndi Porsche Cayman za otomatiki zikuchita zimenezi sabata ndi sabata, ndipo Toyota inaonjezera otomatiki ya magiya 8 ngakhale pa GR Yaris mu 2024 poganizira anthu amene amapita nayo ku mpikisano. Yopepuka ndi ya mphamvu zochepa ndi imene imaphunzitsa bwino, imadya matayala ndi mabuleki pang'ono, ndipo siipweteka thumba kwambiri ikakhudza khoma.

Kwa munthu wopita ku bwalo kanayi kapena kasanu pa chaka, otomatiki ya torque converter yamakono kapena ya maklatchi awiri osambira mu oyilo, yokhala ndi fuluwidi watsopano, mapadi abwino ndi inshulansi ya tsikulo, ndi yokwanira, ndipo pa masiku onse otsala a chaka ndi yabwino kuposa manyuwo. Amene wayamba kupita mwezi uliwonse, n'kumaganiza zochotsa mipando ndi kumanga zitsulo zoteteza m'kati, wafika pofuna galimoto yachiwiri ndi ngolo yoinyamulira.